Madzi Tikuwadziwa, Nanga Nthaka Ikagwedezeka?

Munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje akamasankha malo omangapo nyumba, funso loyamba limakhala la madzi. Amafunsa kuti mu Januwale 2015 madzi analekeza pati, nanga nthawi ya namondwe Ana mu 2022, nanga ya Freddy mu 2023. Akuluakulu amaloza pa thunthu la mtengo pomwe zinyalala zinakodwa, ndipo mmisiri amakweza maziko kupitirira pamenepo. Nzeru imeneyi tinaipeza titaika maliro ambiri, ndipo palibe wobwera amene angatiphunzitse za madzi ife a m'chigwa. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti maso athu onse ali pa Shire, Ruo ndi Mwanza, pomwe nthaka imene tikuimikapo nyumbazi nayonso imasuntha.

Aliyense amene anatsikapo kuchokera ku Blantyre kupita ku Chikwawa amaudziwa msewu wokhotakhota uja, pomwe makutu amatseka, kutentha n'kukulandirani musanafike n'komwe pa Thabwa. Chitunda chimenecho chinabadwa ndi zivomezi. M'munsi mwake mwadutsa mng'alu waukulu wa m'matanthwe umene akatswiri amautcha Thyolo Fault, wotalika makilomita pafupifupi 85, wolambalala m'tsinde mwa mapiri a ku East Bank, kumtunda kwa Livunzu, Masenjere ndi Muona. Mbali yathu ino yakhala ikutitimira, mbali ya Thyolo ikutsala m'mwamba, ndipo ndi mmene chigwa chinapangikira. Tili kumapeto kwa mndandanda wa ming'alu womwe uja umene unapanga nyanja ya Malawi. Dziko likutanuka pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa chaka, koma matanthwe satsetsereka mosalala. Amakanirira zaka mazana kapena masauzande, kenaka n'kudumpha kamodzin'kamodzi. Akatswiri a ku nthambi ya boma yoona za miyala ku Zomba, pamodzi ndi anzawo a ku mayunivesite a Bristol ndi Cardiff, atauyeza mng'aluwu anapeza kuti ndi wamoyo ndithu, ndipo kutalika kwake kukhoza kubala chivomezi cha mphamvu ya 7 kapena kuposerapo pang'ono.

Ndikuuzeni za nyumba ya atsibweni anga.

Anagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo mpaka kupuma. Madzi a 2015 atawagwetsera nyumba ya zidina kumudzi kwa Tengani, analumbira kuti sadzagonanso m'kalasi pamodzi ndi adzukulu awo. Anasamukira kumtunda, anagulitsa ng'ombe, anaumbitsa njerwa n'kuziwotcha, n'kuitana mmisiri wa m'mudzi momwemo. Maziko anawakweza mpaka m'chiuno. Makoma atafika pamwamba pa mawindo, mmisiri uja anaimitsa ntchito.

"Bambo, apa pakufunika bimu yozungulira nyumba yonse. Mundipezere zitsulo, kwale ndi simenti."

"Amisiri, bimuyo inyamule chiyani? Denga ndi la malata, silemera kanthu. Ingoikani malintala pa zitseko ndi pa mawindo basi."

"Si yonyamula denga ayi, bambo. Ntchito yake n'kugwirizanitsa makoma onse anayi."

"Makolo athu ankamanga ndi bimu? Pitirizani ntchito, mvula ikubwera."

Sindikuwanyoza atsibweni. Ndalama ya ng'ombe inali ikutha, ndipo munthu amene wagonapo panja ndi ana amafuna denga msanga. Yotsalayo anaiika pa zooneka ndi maso: malata atsopano, pulasitala wakumaso, ndi mawindo akuluakulu chifukwa cha kutentha kwa kwathu. Njerwa anazimangira matope, simenti n'kungoipaka m'mizere yakunja. Makoma ogawa zipinda anamangidwa pambuyo, ongotsamira ku makoma akunja popanda njerwa kulumana. Gebulo inakwera yopyapyala, njerwa imodzi yogona m'litali, popanda chilichonse choigwira pamwamba. Padenga anasanjapo miyala ndi njerwa zosweka kuti mphepo isasasule malata. Amene amadutsa panjira ankayamikira kuti akuluwa amanga nyumba.

Lachinayi pa 8 Malichi 2018, dzuwa litakwera, ana ali ku sukulu, kunachita chivomezi cha mphamvu pafupifupi 5.5. Chinayambira kumpoto chakum'mawa kwa boma la Nsanje, chakumalire ndi Mozambique, ndipo mpaka ku Blantyre anachimva. Akazi awo a atsibweni anali pabwalo akupeta mapira. Anamva chiphokoso chochokera pansi, malata akulira, nkhuku zikubalalika, miyala ya padenga ikugubuduka n'kugwera pakhonde. Sizinathe ngakhale mphindi. Atalowa m'nyumba anapeza nsonga ya gebulo yagwera m'chipinda cha adzukulu, mphasa ndi neti ya udzudzu zitakwiririka ndi njerwa. Pakona yakumadzulo panali mng'alu wolowa dzanja. Wina unayambira pa ngodya ya windo n'kukwera chopingasa, ukutsata mizere ya matope, njerwa ndi njerwa, mpaka pamwamba pa khoma.

Atsibweni anathokoza Mulungu kuti kunali masana, ndipo anayeneradi kutero. Koma gebulo anaimanganso momwe inalili, ming'alu anaimata simenti pamwamba, n'kupaka laimu. Nditawafunsa za bimu ija anati, "Mphwanga, chadutsa chimenecho. Zotere zimabwera kamodzi pa moyo wa munthu." Chaka chimodzi chokha chitapita, m'masiku oyamba a Malichi 2019, kunagwa mvula yosakata ya namondwe amene pambuyo pake anatchedwa Idai. Madzi analowa m'ming'alu yomata ija, matope a pakati pa njerwa anasungunuka, ndipo khoma limene linali litalekana kale ndi anzake linagwa usiku. Mdzukulu wawo wamkazi anathyoka mwendo, ndipo mpaka lero amatsimphina. M'kaundula wa okhudzidwa ndi ngozi, nyumbayo inalembedwa kuti yagwa ndi mvula. Si bodza, koma mvula inangomaliza ntchito imene chivomezi chinayamba.

Funso la atsibweni lija, lakuti bimu inyamule chiyani, ndi limene ambiri a ife tikanafunsa. Timaganiza za nyumba ngati chinthu cholemera chopanikiza pansi, ndipo njerwa ikapanikizidwa kuchokera pamwamba imapirira kwambiri. Chivomezi sichibwerera pamwamba. Chimakoka maziko cham'mbali mwadzidzidzi, pamwamba pa khoma n'kutsalira pomwe panali. Pamene pamwambapo pakuyamba kutsatira, nthaka imakhala itabwerera kale mbali ina. Mayi aliyense amene anasenzapo ndowa yodzaza kuchokera ku mjigo amazidziwa izi m'khosi mwake. Akanyamuka mwachangu madzi amatsalira m'mbuyo n'kukhavukira kumsana. Mayendedwe ake akagwirizana ndi kakhavukidwe ka madziwo, sitepe iliyonse imawonjezera pa inzake mpaka theka la ndowa kuthera m'njira, ngakhale sakuthamanga. Ndiye amathyola masamba n'kuika pamwamba pa madzi kuti azipha mphamvuyo isanakule. Zitatu zonsezi zimachitika m'nyumba nthawi ya chivomezi: kutsalira m'mbuyo, kugwirizana kwa kagwedezeke, ndi kufunika kwa chinthu chomeza mphamvu.

Mphamvu yokankha nyumba cham'mbali imachokera ku kulemera kwa nyumba yomweyo. Ikalemera kwambiri, imakankhidwanso kwambiri. Titenge nyumba ya njerwa yolemera matani 40, imene si yaikulu n'komwe. Chivomezi champhamvu chikachitikira pafupi, nthaka ikhoza kukankha nyumbayo ndi mphamvu yofika gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake. Amenewo ndi matani 8, kulemera kwa matumba 160 a simenti, kukankha makoma cham'mbali, uku ndi uko, kangapo pa sekondi imodzi. Khoma limene laima motsatira kumene nthaka ikulowera limalimbana nayo mphamvuyo bwino ndithu. Limene laima mopingasa limamenyedwa pamimba ndipo limafuna kugwa chafufumimba kapena chagada. Chimene chimalipulumutsa ndi kugwiridwa ndi makoma anzake m'makona komanso pamwamba. Popeza nthaka simagwedezekera mbali imodzi, khoma lililonse limakhala logwira mnzake kamphindi aka, n'kukhala logwiridwa kamphindi kotsatira. Ngati m'makona njerwa sizinalumane ndipo pamwamba palibe bimu, mulibe nyumba imodzi. Muli ndi makoma anayi oima pawokhapawokha, ndipo lililonse lidzagwa palokha. Gebulo ndiyo imayamba chifukwa ili pamwamba pomwe kugwedezeka kumakula, ndi yopyapyala, ndipo malata sangaigwire.

Nyumba iliyonse ilinso ndi liwiro lakelake la kagwedezeke. Ya njerwa yopanda nsanjika imanjenjemera mofulumira, mwina kakhumi pa sekondi. Ya nsanjika khumi imatenga pafupifupi sekondi yathunthu kuti ipite ndi kubwerera. Nthaka nayo ili ndi liwiro lake: thanthwe limanjenjemera mofulumira, dothi lakuya lofewa limayenda pang'onopang'ono koma motalika. Ziwirizi zikagwirizana, tsoka limakula. Pa 19 Seputembala 1985 chivomezi chinayambira kunyanja, mtunda woposa makilomita 300 kuchokera ku Mexico City, koma chinagwetsa nyumba mazanamazana pakati pa mzindawo n'kupha anthu masauzande. Mzindawo unamangidwa pa matope a nyanja yakale, amene ankagwedezeka kamodzi pa masekondi awiri alionse, ndipo nyumba za nsanjika 6 mpaka 15 ndizo zinagwa kwambiri, zina zazifupi zoyandikana nazo zili chiimire.

Ife tilibe nyumba zazitali chotero, koma nthaka yathu ndi yofewa. Chigwa chonsechi ndi mchenga ndi matope amene Shire ndi ana ake akhala akutsanula kwa zaka zosawerengeka, ndipo m'malo ambiri madzi ali pafupi, mukakumba pang'ono mwawapeza. Dothi lotere limakulitsa kugwedezeka. Choopsa china n'chakuti mchenga wosatsendereka wodzaza madzi ukagwedezeka kwambiri umataya mphamvu n'kusanduka phala, nyumba n'kumira mbali imodzi ngakhale makoma ake ali olimba. Zinaoneka ku Karonga mu 2009, pomwe mchenga ndi madzi zinkatumphuka m'ming'alu ya nthaka. Zinaonekanso ku Machaze m'chigawo cha Manica ku Mozambique mu Febuluwale 2006, pa chivomezi cha mphamvu ya 7.0 chimene chinachokera ku mng'alu wa mtundu womwewu. Choncho malo a mchenga watsopano umene mtsinje unasiya dzana, m'mphepete mwa Elephant Marsh kapena Ndindi, ndi oipa pawiri. Amene akusamukira kumtunda kuthawa madzi akuthawanso vuto limeneli, bola asakamange m'tsinde mwenimweni mwa phiri momwe miyala ingagubudukire.

Manambala a mphamvu ya chivomezi amapusitsa. Kuchoka pa 5.5 kufika pa 7.0 kumaoneka ngati sitepe imodzi ndi theka, koma sitepe iliyonse imachulukitsa mphamvu ka 32. Chimene mng'alu wa Thyolo ungatulutse chikhoza kuposa cha 2018 chija ka 170 ndi kupitirira. Palibe katswiri padziko lonse amene angatchule tsiku. Chikhoza kubwera adzukulu a adzukulu athu atakalamba, chikhoza kubwera chaka chino. Tsoka silinunkha. Ndipo sitiyenera kudikira chachikulucho kuti tione maliro. Cha ku Salima, usiku wa pa 10 Malichi 1989, chinangoposa 6 pang'ono, koma chinapha anthu 9 n'kusiya ena pafupifupi 50,000 opanda pogona. Ku Karonga zinabwera zotsatizana, kuyambira pa 6 Disembala 2009 mpaka chachikulu cha 6.0 usiku wa pa 19 kuchera pa 20. Anthu 4 anamwalira, nyumba masauzande zinawonongeka, ndipo akanafa ambiri pakanapanda kuti zoyambazo zinali zitawathamangitsira kale panja.

Pali chinthu chimene tinataya pochoka ku nyumba za makolo. Nyumba ya mitengo ndi nsungwi yomanga ndi luzi, yophoma dothi, yofolera udzu, imapepuka ndipo imapindika. Ikagwedezeka imalira m'mfundo zake, dothi limagumuka, koma mitengo imabwerera m'malo mwake, ndipo mphamvu ya chivomezi imathera m'kukhulana kumeneko. Khoma la njerwa lopanda chitsulo silipindika. Limapirira mpaka pamene lathera mphamvu, kenaka limasweka nthawi imodzi. Sindikunena kuti tibwerere ku nyumba zophoma, zimene madzi ndi chiswe zimatha msanga. Ndikunena kuti chimene makolo ankachipeza ku luzi ndi mitengo, ife tiyenera kuchigula ku chitsulo. Tinatenga njerwa yolemera n'kusiya chomangira chake. Akatswiri a ku Polytechnic, imene lero ndi MUBAS, pamodzi ndi a ku Bristol, atayesa makoma omangidwa monga momwe timamangira m'midzi ndi m'matauni athu, anapeza kuti matope amagwira njerwa mofooka kwambiri poyerekeza ndi simenti, ndipo njerwa zathu zowotcha zimasiyana mphamvu kwambiri. Kwathu kuno onjezanipo chinyezi ndi mchere wa m'nthaka, umene umadya mizere ya m'munsi mpaka njerwa kumafumbutuka mukaikanda ndi chala.

Chimene chimandiwawa koposa ndi nyumba za anthu ambiri. Matchalitchi ndi mizikiti timamanga ndi zopereka, chaka ndi chaka, khoma lalitali mamita makumi awiri lopanda chipupa cholidula pakati, mawindo ondondozana, gebulo yofika kumwamba. Makalasi ena akale ali chimodzimodzi. Komatu madzi akasefukira, ndi m'nyumba zimenezi momwe timadzazamo amayi, ana ndi okalamba mazanamazana kwa masabata, makoma ake atanyowa. Pa Nchalo, pa Ngabu ndi pa Bangula pakukwera nyumba zosanja zamalonda, pansi mashopu a zitseko zazikulu oima pa mapilala oonda, pamwamba zipinda zogona zodzaza makoma olemera. Kumtunda kolimba, kunsi kofewa: kupindika konse kumathera m'mapilala a pansiwo, ndipo akathyoka nyumba imakhalira pansi pamodzi ndi onse ali m'mashopu. Yang'ananinso mathanki a madzi a pa sukulu ndi pa zipatala. Thanki ya malita 5,000 ndi matani 5 okhazikidwa pamwamba pa miyendo inayi ya chitsulo, ndipo ngati miyendoyo ilibe zopingasa zokwanira, ana sayenera kukhala pamthunzi pake.

Chivomezi cha ku Karonga chitachitika, boma mothandizana ndi mabungwe linatulutsa mu 2010 malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Malangizowo alipo, koma mmisiri wa kumudzi amene amamanga nyumba zathu zambiri sanawaonepo, ndipo mwini nyumba ndi amene amalamula chifukwa ndiye mwini ndalama. Makhonsolo a Chikwawa ndi Nsanje, pamodzi ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, akamaphunzitsa makomiti a m'midzi za madzi osefukira, awonjezepo phunziro limeneli. Mabungwe amene amamangira anthu nyumba pambuyo pa namondwe asawerenge malata okha, aonenso chimene chili pansi pa malatawo.

Zofunikazo si zachilendo. Makoma akunja akhale onenepa, njerwa ziwiri zogundana, ndipo m'makona ndi polumikizira zipinda njerwa zilumane mzere uliwonse, makoma onse akukwera limodzi. Simenti isachepere muyezo umodzi pa miyezo isanu ndi umodzi ya mchenga, ndipo njerwa zinyowetsedwe zisanamangidwe kuti zisamwe madzi a simentiyo, makamaka ndi dzuwa la kwathuli. Waya uja amisiri amati bulikifosi agonekedwe pakapita mizere itatu kapena inayi iliyonse, akhote pakona osadulidwa. Khomo kapena windo lisayandikire kona kuposa masentimita 60, ndipo mawindo ndi zitseko zonse zisadye theka la khoma. Bimu izungulire nyumba yonse osadukiza, idutsenso pamwamba pa makoma a m'kati, zitsulo zake zikhote pakona ndi kupitana mokwanira, malingi akhale pafupipafupi ndipo nsonga zake zipindidwire m'kati. Amene akumanga ya zidina ndipo simenti sangaikwanitse akhoza kuika bimu ya matabwa olimba okhomeredwa bwino m'makona, ndipo imathandiza ndithu. Denga limangiriridwe ku bimu ndi waya kapena chitsulo, miyala ichoke padenga. Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi ndi labwino kuposa la gebulo, pa chivomezi ngakhalenso pa mphepo ya namondwe. Ngati gebulo ikufunikabe, itsekedwe ndi malata kapena matabwa m'malo mwa njerwa.

Muona kuti zonsezi zimalimbitsanso nyumba pa mvula ndi pa mphepo, zimene zimatipeza pafupifupi chaka chilichonse. Ndalama ya bimu siyodikira chivomezi chokha.

Inu amene makoma anu afika pa mawindo chilimwe chino, mmisiri akapempha zitsulo mumvereni, ngakhale zitatanthauza kuti pulasitala ndi penti zidikira chaka chamawa. Inu amene muli kale m'nyumba, izungulireni mawa m'mawa muone m'makona ndi pa ngodya za mawindo. Mng'alu wodutsa khoma lonse, woonekera kunja ndi m'kati, si womata. Mbali imeneyo iphwasulidwe, imangidwenso molumana, ndipo bimu iikidwe ngakhale zitafuna kukweza denga. Pamene mukusonkhanitsa ndalamayo, chotsani mphasa ya ana pansi pa gebulo, ndipo muwauze kuti nthaka ikayamba kugwedezeka athamangire pabwalo poyera, kutali ndi khoma lililonse, osati pakhonde.